Lachiwiri ku Mufakose

Ambuye, ndisaname, lero m'mawa sindinakuitaneni.
Ndinadzukira chigubu.
Mzere wa pa mjigo unali utafika kale pa shopu ya Mudzingwa,
ndipo itakwana nthawi yanga madzi anatuluka a dzimbiri.

Mu kombi tinapanikizana ngati matumba a makala.
Pa Copacabana kondakitala anati chenji palibe,
n'kundikwatitsa kwa bambo wina wa jekete lofiira
kuti tikagawane dola imodzi.
Bamboyo anatsika n'kumira m'chigulu cha anthu.
Ukwati unathera pomwepo.

Ndinayala mapeyala anga m'mbali mwa msewu,
aawisi kumbuyo, akupsa kutsogolo.
Ndinali nditagulitsa anayi okha
pamene wina anakuwa kuti akhonsolo!
Anzanga ali ndi miyendo. Ine bondo langali mumalidziwa.
Dengu lonse linakwera lole
pamodzi ndi chitenje chimene ndimayala pansi,
chija anandipatsa amayi ndikukwera basi ku Dedza.
Peyala limodzi linagubuduka
n'kukabisala kunsi kwa galimoto yoima.
Ndinagwada m'fumbi kuti ndilitole.
Kugwada kwanga koyamba lero kunali kumeneko, ndikuvomera.

Masana foni inalira. Mlongo wanga Yotamu.
Ndalama za malata a nyumba ya amayi,
zija ndinasonkhanitsa miyezi isanu ndi inayi,
akuti anayamba wabwereka kaye,
akuti anagula nkhumba, akuti nkhumbazo zinatha ndi chigodola.
Akuti, "Achemwali, inu muli kunja, simungamvetse."
Kunja!
Ngati kuno ndalama zimayoyoka m'mitengo ya jakaranda.
Mvula ili pafupi, Ambuye.
Amayi adzatcheranso mabeseni pomwe amagona.

Nanga Zione?
Mwana amene ndinamubereka ku Gomo usiku, bambo ake atasowa,
anati abwera Loweruka. Loweruka ladutsa kawiri.
Uthenga wanga wauwerenga, timizere tabuluu ndikutiona.
Kale ndinkadandaula kuti ndikamuyankhula m'chinenero chathu
iye amayankha m'Chishona.
Pano ngakhale Chishonacho ndikuchilakalaka.

Magetsi azima. Kandulo yatsala ngati chala.
Ndakhala pa bedi, nsapato zikadali kuphazi.
Mawu okoma opempherera ndilibe,
amene amatsogolera amayi Lachinayi ndiwo amadziwa kuwasanja.
Ine ndangobwera ndi mkwiyo wanga, wosasenda,
ndauika pa tebulopa pafupi ndi machesi.
Yotamu sindinamukhululukire. Musandifulumize.
Koma dzina lake ndalitchula pamaso panu popanda kutukwana,
ndipo kulemera kwa zimenezo mukukudziwa.
Ngati nayenso sakugona usiku uno,
kaya, mumuonere nokha chochita.

Ndadula peyala lija.
Mbali imodzi yada pomwe linamenya tayala,
inayo ili bwinobwino, yachikasu mpaka pa nthanga.
Ndawazapo kamchere.
Ndisanalume, pakamwa panena pokha kuti zikomo,
mwa chizolowezi chabe,
koma mawuwo atatuluka ndawamva
ndipo sindinawabweze.

Kuseri kwa khomali mai Mudzingwa akutsuka mbale mu mdima,
akung'ung'udza kanyimbo ka kutchalitchi kwawo.
Mawu ake sindiwamva onse, koma ndikudziwa amene akuimbiridwa.
Mawa ndikawabwereka dengu.
Madola atatu amene ndinamanga pa mpango sanakwere lole,
ndilawira nawo ku Mbare kusanache.

Sindikuti zonse zili bwino.
Denga la amayi likudonthabe, mtima wanga nawonso.
Ndikungoti m'chipinda muno simuli ine ndekha,
ndipo zimenezo ndazizindikira mochedwa, peyala litatha.

Foni ndaisiya yoyatsa, moto watsala pang'ono.
Mwina mwana aimba.
Inu amene mumachezera usiku wonse, muimvetsere.
Ine ndivuleko nsapato.